MADESIKI KAPENA MABUKU? TIJAMBULE GIRAFU

Komiti yandipempha kuti ndilankhulepo pa nkhani imene yatigawa pawiri: kodi ndalama zimene tikusonkha tigulire madesiki kapena mabuku? Ine sindiikira kumbuyo mbali iliyonse. Ndangobwera ndi choko.

Nonse mukukumbukira y = mx + c. Ena mwa inu mwayamba kale kuyang'ana kukhomo, koma khalani pansi, mayeso kulibe lero. Chilembo c chimatiuza pamene mzere wadula mzati wa y. Chilembo m ndiye gradient, kunena kuti kupendekeka kwa mzere: ukasuntha phazi limodzi cham'mbali, wakwera kapena watsika motani? Amisiri omanga amakhalira zomwezi. Njira yokwerapo njinga ya olumala imayenera kukwera mita 1 pa mamita 12 alionse, osapitirira apo. Choncho khonde lotalika masentimita 60 limafuna njira ya mamita 7.2. Mukaifupikitsa, mwana akwera mochita kukankhidwa.

Tsopano tiyerekeze kuti m'thumba mwathu muli K2,400,000, desiki ndi K60,000 ndipo buku ndi K15,000. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, a Msungichuma adzaikapo yeniyeni. Madesiki tiwatche x, mabuku tiwatche y. Tikachepetsa manambala onse ndi 15,000 tipeza 4x + y = 160. Tikagula madesiki okhaokha ndi 40, tikagula mabuku okhaokha ndi 160. Lumikizani malo awiriwa ndi rula, mzere wathu ndi umenewo.

Gradient yake ndi -4, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Aliyense woimirira kunena kuti tiwonjezere desiki limodzi akunenanso, kaya akudziwa kaya sakudziwa, kuti tichotse mabuku anayi. Wofuna mabuku ena makumi awiri walanda ana madesiki asanu. Takhala tikukangana ngati kuti mbali ina ilibe chifundo, chonsecho ndi nambala imeneyi imene palibe anaitchula.

Komatu palibe lamulo loti tiwononge ndalama zonse. Chimene tili nacho kwenikweni ndi inequality, 4x + y ≤ 160. Yankho lake si mzere wokha ayi, ndi dera lonse la mbali imodzi ya mzerewo. Kuti mudziwe mbali yake, yesani (0, 0): ziro ndi wochepa kwa 160, ndiye kuti mbali imene kuli (0, 0) ndi yathu, inayo tiidetse ndi pensulo monga tinkachitira mu Folomu 4. Mzere wokhazikika umatanthauza kuti tikhoza kumaliza ndalama mpaka tambala yomaliza. Mzere wodukaduka umati fikani pafupi koma musauponde. A Msungichuma, podziwa zimene banki imadula, ndikhulupirira akonda wodukadukawo.

Tinene kuti aphunzitsi apempha madesiki osachepera 20 ndi mabuku osachepera 60. Imeneyo ndi mizere ina iwiri, x ≥ 20 ndi y ≥ 60. Chotsala pa pepala ndi kadera ka ngodya zitatu: (20, 60), (20, 80) ndi (25, 60). Taonani kuchepa kwake! Mkangano wa miyezi yonseyi uli pa madesiki asanu kapena mabuku makumi awiri basi. Kunja kwa kaderako kuli maloto okhaokha.

Nzeru imeneyi si yamasewera. René Descartes ndiye analumikiza aljebula ndi zojambula m'buku lake la 1637. Mu 1939 Leonid Kantorovich wa ku Leningrad anagwiritsa ntchito ma inequality otere pothandiza mafakitale a matabwa a plywood, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1975. George Dantzig anapeza njira ya simplex mu 1947 akugwirira ntchito asilikali a ndege a ku America. Njirayo imayenda kuchoka pa ngodya ina kupita pa ina, chifukwa yankho labwino koposa limapezeka pa ngodya.

Girafu siingatisankhire ngodya, imeneyo ndi ntchito ya mavoti athu. Ndaisiya pa bolodi, musaifufute. Tikabwera kokadya nkhomaliro a Msungichuma alembapo mitengo yeniyeni, kenaka a Wapampando atitsogolera povota.