Mawu a mlendo wolemekezeka potsekera maphunziro a atolankhani olemba nkhani za m'makhothi



Ndikudziwa kuti mukamva mawu akuti chiletso mitima imakuwawani: nkhani mwaifufuza, mkonzi waivomereza, kenaka loya akutulukira ndi kalata ya khothi yoti musasindikize kufikira apilo itamvedwa. Ndiloleni ndikuuzeni chifukwa chomwe oweruza amachitira zimenezi.

Ku England mu 2016, nyuzipepala ya The Sun on Sunday inkafuna kulemba za chibwenzi chamseri cha munthu wina wotchuka, wapabanja, yemwe khothi linkangomutchula kuti PJS. Mu Januwale khothi la apilo linapereka chiletso. Pofika Epulo, nkhaniyo inali itatuluka ku America, Canada, Scotland ndi pa intaneti. Eni nyuzipepala anabwerera kukhothi n'kufunsa kuti, tikubisanji poti dziko ladziwa kale? Khothi la apilo linawavomereza, komabe chiletso chinasiyidwa chilipo mpaka khothi la Supreme litaunika nkhaniyo.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Chiletso chikadachotsedwa tsiku lomwelo, kukacha dzina likadakhala patsamba loyamba, ndipo apilo ya PJS kukhothi la Supreme ikadasanduka yopanda ntchito. Paja madzi akatayika saoleka.

Pa 19 Meyi, oweruza anayi mwa asanu a khothi la Supreme anagamula kuti chiletso chipitirire. Anati nkhani za kuchipinda sizipindulira anthu kanthu, ndipo anaganizira ana awiri aang'ono a m'banjamo, omwe akadavutika ndi chipwirikiti cha manyuzipepala. Woweruza wachisanu, Lord Toulson, anatsutsa, ponena kuti khothi lisamayese kutseka zomwe zafalikira kale. Mfundo yawoyo si yopepuka, ndipo oweruza amaiwona tsiku lililonse m'nthawi ino ya WhatsApp.

Kuno kwathu, gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza chinsinsi cha munthu, pomwe gawo 36 limateteza ufulu wanu wofalitsa nkhani. Onse awiri ndi maufulu, ndipo woweruza ayenera kuwayeza. Mukaona kuti chiletso chikuphimba katangale kapena kuba ndalama za boma, musakhale chete. Tumani loya wanu akachitsutse kukhothi komweko. Koma chikadalipo, chilemekezeni, ngakhale pa Facebook panu, chifukwa kunyoza khothi ndi mlandu.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa. Muyende bwino.