Lenti yatipeza nkhokwe zili mbee: zomwe ndinayankhula ku kalabu Loweruka

 Mwandipatsa mphindi khumi, ndiye ndiyesetsa kuti ndisadye nthawi ya mpira.

Lachitatu likubwerali, pa 18 Febuluwale 2026, ndi Lachitatu la Phulusa. Mukadzadutsa pafupi ndi tchalitchi cha St. Louis Montfort pa Balaka kapena ku Utale, mudzaona anthu akutuluka ali ndi kamtanda kakuda pamphumi. Musadzawauze kuti apukute, sikuti ada mwangozi ayi. Phulusalo limachokera ku masamba a kanjedza amene tinanyamula pa Lamulungu la Kanjedza chaka chatha. Amawasunga mpaka aume, kenako n’kuwawotcha. Wansembe akamakupaka amakhala akukukumbutsa kuti ndiwe dothi, ndiye ulape nthawi ikadalipo.

Tsiku limenelo ndiye chiyambi cha Lenti, masiku 40 okonzekera Pasaka, yemwe chaka chino ali pa 5 Epulo. Okonda masamu mukawerenga pa kalendala mupeza masiku 46, koma ma Lamulungu asanu ndi limodzi sawerengedwa chifukwa Lamulungu si tsiku losala.

Mawu oti Lenti anachokera ku Chingelezi chakale, ndipo ankanena nyengo imene chisanu chikutha ku Ulaya, masiku ayamba kutalika. Kale kumeneko, m’nyengo yosala sankadya nyama, mazira ngakhale mafuta, choncho Lenti ikayandikira ankamaliziratu zonsezo kuti zisaonongeke. N’chifukwa chake ku England Lachiwiri lomaliza amakazinga zitumbuwa zawo za mazira, ku New Orleans kuli Mardi Gras, kutanthauza Lachiwiri la mafuta, ndipo ku Rio de Janeiro amavina m’misewu masiku angapo.

Nanga ife kuno tingamalize chiyani? Febuluwale uno nkhokwe zili mbee, chimanga chikadali m’munda, makolo athu akuyendera ganyu. Lamulo la Mpingo wa Katolika limati wazaka 18 mpaka 59 adye chakudya chokhuta kamodzi kokha pa Lachitatu la Phulusa ndi pa Lachisanu Loyera. Koma m’midzi yambiri ya Machinga ndi Balaka anthu anayamba kale kudya kamodzi patsiku, popanda wansembe kulengeza. Lamulo lina limati Lachisanu tisamadye nyama. Nyama yake iti, imene tinaionera pa Khirisimasi ija? Matemba a ku Chilwa ndi usipa n’zololedwa, ndiye enafe tingati tili mu Lenti chaka chonse.

Musaseke kwambiri, funsoli ndi lenileni: amene alibe chakudya asale chiyani? Ine maganizo anga ndi akuti agogo amene agonera maungu asavutitsidwe ndi nkhani yosala. Nkhaniyi ndi yathu ifeyo amene timapeza kangachepe n’kukathera kubetcha mpira pa foni, kapena pa bandulo yongoonera TikTok mpaka tambala woyamba. Lenti ili ndi miyendo itatu ngati mafuwa: kupemphera, kusala ndi kuthandiza osowa. Ukasiya chinthu koma ndalama yake n’kungoisunga m’thumba, wangosintha bajeti basi.

Ndipo Lenti si nkhani ya m’mimba mokha. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m’matchalitchi a Katolika m’dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yomwe pa Chingelezi inkatchedwa Living Our Faith. Inanena poyera za malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, za mavuto a m’sukulu ndi m’zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndiponso za mantha amene anthu anali nawo oopa kuyankhula. Nthawi imeneyo kunali chipani chimodzi, pansi pa Dr. Hastings Kamuzu Banda. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Chimene ambirife sitidziwa n’chakuti kalatayo inasindikizidwa konkuno ku Balaka, pa makina a ansembe a Montfort, ndipo malowo anawayatsa moto chifukwa cha nkhani yomweyo. Patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, Amalawi anavota pa riferendamu n’kusankha zipani zambiri. Ife tinali tisanabadwe, koma funsani akuluakulu kunyumba, akuuzani mmene mitima inkagundira tsiku limenelo m’tchalitchi.

Chaka chino pali chinanso. Ramadani ikuyembekezeka kuyamba sabata yomweyi, kutengera kuoneka kwa mwezi. Ndiye kuti mu kalabu muno Akhristu ndi Asilamu tikhala tikusala nthawi imodzi. Kunena zoona anzathuwa amatiposa, chifukwa iwo kuyambira m’bandakucha mpaka dzuwa kulowa salawa ngakhale madzi, kutentha kwa ku Liwonde mukukudziwa. A CCAP ndi a mipingo ina amene simupaka phulusa, musaone ngati takusiyani, Pasaka ndi wathu tonse.

Ndiye ndili ndi mapempho awiri, a wapampando. Loyamba, tichotse zochitika za Lachisanu mpaka Pasaka adutse. Masana anzathu amakhala ali kumzikiti, madzulo ife tili ku Njira ya Mtanda, ndipo tikaumirira tizingolembana kuti wajomba. Mpira nawonso tiziuyamba dzuwa litapepa, kuti wosala madzi asatigwere pabwalo.

Lachiwiri, aliyense asankhe chinthu chimodzi choti asiye, ndipo ndalama yake azibwera nayo Loweruka lililonse kwa msungichuma, ilembedwe m’kope pamaso pa tonse. Wopanda ndalama abwere ndi khasu, pali minda ya okalamba imene udzu wapitirira chimanga. Ufa tisadikire kukapereka pa Pasaka, nthawi imeneyo mondokwa adzakhala atacha kale. Tikagule sabata yachiwiri ya Malichi isanathe. Mayina a mabanja oti tiwafikire tikafunse kwa amfumu, kuti pasadzakhale zoti tinakondera a mpingo wakutiwakuti.

Alembi, ngati pali wotsutsa anene pompano tisanalembe.