Mawu Otsegulira Chionetsero cha Sayansi pa Chaka cha Fizikisi, 2005

Gogo Chalo, a Gulupu ndi mafumu nonse, a mphunzitsi wamkulu ndi aphunzitsi anu, a komiti ya sukulu, makolo, ndi inu ana athu amene mwakhala padzuwa kuyambira m'mawa, ndakuonani nonse. Ndiyesetsa kufupikitsa, ngakhale mukudziwa kuti mphunzitsi wopuma ntchito akagwira chimkuzamawu sachisiya msanga.

Pobwera kuno, bambo wina pa depoti anandifunsa kumene ndikupita. Nditamuuza anaseka, nkunena kuti, "Achikulire, chaka cha njala chino inu mukukakondwerera fizikisi? Imadyedwa imeneyo?" Ndisanamuyankhe minibasi inadzadza. Ndiye ndimuyankhira pano, wina akamuuze.

Bungwe la United Nations linalengeza kuti 2005 ndi Chaka cha Fizikisi pa dziko lonse, ndipo mwambo wotsegulira unachitika mu Januwale ku likulu la UNESCO ku Paris. Anasankha chaka chino chifukwa patha zaka 100 chichokere 1905, pamene Albert Einstein, mnyamata wa zaka 26, analemba mapepala anayi amene anagwedeza sayansi yonse. Sanali pulofesa ayi. Anali kalaliki ku Bern, m'dziko la Switzerland, mu ofesi yolembetsa zinthu zatsopano zimene anthu atulukira, ndipo zofufuza zakezo ankachita pa nthawi yakeyake.

Limodzi mwa mapepalawo linanena kuti kuwala kumabwera m'timagawo ting'onoting'ono, ndipo kagawo kamodzi kakagunda chitsulo kangathe kuthothola elekitironi. Ntchito imeneyi ndiyo inatchulidwa pomupatsa mphoto ya Nobel ya 1921. Mukaona sola pa denga la chipatala chaching'ono, furiji ya katemera ikuzizira kumudzi kopanda magetsi, dziwani kuti nzeru yake ndi ya mtundu womwewo. Pa 18 Epulo, tsiku lokwanitsa zaka 50 chimwalirire Einstein, anthu anayatsa nyali ku Princeton ku America, kumene iye anafera, nkumapatsirana kuwala mzinda ndi mzinda kuzungulira dziko. Ife akanatiuza nthawi ikadalipo, bwenzi titayatsa koloboyi.

Koma bambo wa pa depoti uja za Princeton sizimukhudza, ndiye tiyeni tipite kudimba.

Mvula inadula mu Febuluwale chimanga chikumasula, ndipo ambiri a inu chiyembekezo chili pa thiredo pampu. Amayi amene muli pano ndinu mboni: madzi m'chitsime akatsika kwambiri, mumaponda mpaka thukuta kamukamu, paipi nkumangolira, madzi osatuluka. Mumati pampu yafa. Nthawi zina malabala amakhala atathadi, koma kawirikawiri pampuyo imakhala ili bwinobwino. Nkhani ili apa: pampu sikoka madzi ngati mmene timakokera ndowa ndi chingwe. Iyo imangochotsa mpweya m'paipi, ndipo mpweya wakunjawu, umene ukutipsinja tonsefe pano osaumva, ndiwo umakankha madzi kuti akwere. Mphamvu ya mpweyawo ili ndi malire. Ngakhale pampu itakhala yabwino chotani, madzi sangakwere kupitirira mamita 10, ndipo m'dimba mwathu muno amathera pa mamita 6 kapena 7. Muitane anyamata onse a m'mudzi aponde, sizisintha.

Amisiri a zitsime ku Italy anadandaula zomwezi kalekale. Galileo mwini zinamuzunguza mutu, mpaka Evangelista Torricelli, amene anagwira naye ntchito, anapeza chifukwa chake cha m'ma 1643. Mankhwala a vutoli ndi khasu basi: kumbani kadzenje pambali pa chitsime, mutsitse pampu iyandikire madzi. Mayi amene wadziwa zimenezi sagulanso malabala pachabe, ndipo mpiru wake suuma. Mukamuuze bambo uja kuti fizikisi imadyedwa ndi nsima.

Tsono ndidzudzule gulu langa, ife aphunzitsi. Ine ndinaloweza malamulo atatu a Newton ngati katekisimu, mayeso ndinakhoza bwino ndithu. Nditapita kumudzi pa holide, mayi anga anandifunsa chifukwa chake mphezi imayamba yang'anima, kugunda nkubwera pambuyo. Ndinayamba kuyankha m'Chingerezi. Anandiyang'ana, nkupitiriza kupeta ufa wawo. Manyazi a tsiku limenelo sanandichokebe. Chikhalirecho yankho lake ndi lalifupi: kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, pamene phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 okha. Mukaona kung'anima, werengani. Masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Kukagunda musanawerenge kutali, ana achoke pansi pa mtengo, alowe m'nyumba. Mafumu anga, ndikhululukireni, koma milandu ina ya mphezi imene imafika pabwalo panu, agogo osalakwa nkumalozedwa chala, ikanathera pa phunziro limeneli.

N'chifukwa chake ndasangalala poyendera matebulo aja m'mawa. Ndaona mtsikana wa Fomu 3 atalumikiza dayinamo ya njinga ku kagudumu ka malata, akuthira madzi ndi chitini, babu nkumayaka. Zimene wachita mwana ameneyu ndi zomwe zimachitika ku Nkula pa mtsinje wa Shire, kusiyana kukula kokha. Koma nditamufunsa, wandiyankha m'Chingerezi chosalala, maso ali kwa aphunzitsi ake.

Ana anga, lero ndikuikirani lamulo. Agogo akaima pa tebulo lanu, afotokozereni m'Chichewa. Mawu akakusowani, lozani ndi chala, apatseni agwire okha. Makolo, musachite manyazi, afunseni mpaka atuluke thukuta. Fizi munalipira ndinu. Ndipo a mphunzitsi wamkulu, chaka chimenechi chitha mu Disembala. Ndikupemphani kuti chisanathe, zipangizozi zisakabwerere m'kabati: muzinyamule pa tsiku la msika, mukaziyale pakati pa ogulitsa tomato ndi okonza njinga. Ine ndidzabwera ndi ndowa ndi paipi.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetserochi chatsegulidwa. Gogo Chalo, titsogolereni ku tebulo loyamba.