Ndani Adzatsegula Geti pa Khirisimasi?

Kaya muli m'galimoto pa mzere uja wa pa mlatho wa Lilongwe, kaya muli kukhitchini wailesi ili pawindo, khalani nane pang'ono. Lero tili pa Deuteronomo 16 ndi Luka 2. Mukafika kunyumba mukawerenge nokha.

Sabata ino tauni yatentha. Ku Old Town, mu Malangalanga, munthu sungaponde pansi. Nkhuku zachikuda zakwera mtengo, mpunga wa Kilombero ukutha, ku Tsoka amayi akusanthula kaunjika kufuna diresi la mwana. Ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47 makoma akupakidwa penti ngakhale mvula ikugwa, kapinga akutchetchedwa, matiresi a alendo akuyanikidwa dzuwa likangosuzumira. Mwana akubwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, wina atsikira ku Kamuzu International Airport, agogo akuchokera ku Ntchisi. Ine sindidana nazo ayi. Mulungu wathu ndiye anayambitsa maphwando, ndipo banja likakumana Iye amakondwera. Nenani Amen.

Koma ndifunse. Makatani aja wachapa ndani? Nkhuku zisanu ndi imodzi zija adzazisosola ndani? Alendo akamadzaliza hutala usiku, mvula ili phwaa, adzathamangire ku geti ndani?

Pali mtsikana wantchito amene amagona kuboyizikota. Pali bambo wa m'gadeni amene amayenda wapansi kuchokera ku Kauma kapena ku Mtandire m'bandakucha. Pali mlonda. Anthu amenewa sanagwe kumwamba, ali ndi kwawo. Mtsikanayo ali ndi mayi ake ku Dedza, mwina anasiyako ndi mwana, ndipo mwanayo nayenso akuwerenga masiku. Ndiye inu kuti banja lanu likumane, banja lake lisakumane? Ndikulankhula ndi munthu wina pano. Musatseke wailesi, adona.

Pa Deuteronomo 16 Mose akupereka malangizo a madyerero, ndipo akutchula mmodzimmodzi oyenera kusangalala. Akuyamba ndi mwini nyumba ndi ana ake. Tikanakhala ife tikanathera pomwepo. Iye akupitiriza, akutchula wantchito wamwamuna ndi wamkazi, Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mayi wamasiye. Onani bwino, wantchito sanamuike pa gulu la ophika ndi otsuka mbale. Anamuika pa gulu la osangalala. Dzina lake lili pa mndandanda wa oitanidwa, ndipo wolemba mndandandawo ndi Yehova.

Tibwere ku Betelehemu. Kalembera wa Kaisara Augusto anabweza aliyense kumudzi wa makolo ake. Yosefe anali wa banja la Davide, ndiye kuti m'mudzimo munadzaza anthu a mtundu wake. Kunali kukumana kwa achibale kumene kuja! Ine ndikhulupirira kuti anasesa, anaphika, anayala mphasa. Koma mayi wodwala pakati, masiku ake atakwana, anasowa malo, mpaka Mwana anagonekedwa modyera ziweto. Nyumba zinakonzedwa, koma pogawa malo wina sanawerengedwe.

Ndipo mngelo anapita kwa yani? Kwa abusa a nkhosa amene anali kubusa usiku. Anthu a naiti, abale anga. Alonda! Ena ali m'tulo atakhuta, uthenga woyamba wa Khirisimasi unafikira anthu amene anali panja, pa ntchito. Aleluya! Mlonda amene ukundimva pa kawailesi kako m'kanyumba ka pageti, kumwamba kumadziwa adiresi yako.

Tsono tisangofuula Amen, tichitepo kanthu. Malipiro a Disembala musadikire pa 31. Perekani sabata ino. Mukudziwa nokha kuti pofika pa 24 kudepoti minibasi zimakhala zitakweza mtengo, ndipo ino ndi nyengo imene kumudzi nkhokwe zapepuka, chimanga chikufuna feteleza wobereketsa, kupalira kwafika. Ndalama imene kwa inu ndi ya makireti awiri a zakumwa, kwa mayi a ku Dedza aja ndi ufa wa mwezi. Deuteronomo 24 imaletsa kugoneka malipiro a munthu wosauka, ndipo Yakobo 5 akuti malipiro obisidwa amakhala ndi pakamwa, amafuula mpaka Ambuye amve. Mungathe kuimba nyimbo zonse za Khirisimasi pabalaza, koma envelopu ili m'dirowa ikufuula kuposa inu.

Pa 25 ndi pa 26 ndi masiku a tchuthi m'dziko lino. Amene angapite kwawo, mulekeni apite, ndipo mumupatseko shuga, sopo ndi mafuta ophikira akafike nazo ngati munthu wochokera kutauni. Muli ndi ana akuluakulu atatu amene abwera kuholide, manja ali nawo. Ngakhale wa digiri akhoza kusenda mbatatesi, sadzafa. Ngati simungachitire mwina, kambiranani naye mwaulemu, mumulipire za tsiku la tchuthi monga lamulo la ntchito likunenera, mumupatse masiku ake Chaka Chatsopano chisanafike. Ndipo chakudya chake chichoke mumphika nthawi imodzi ndi cha alendo, osati makombo a 4 koloko, khosi ndi zipalapasiro. Muitaneni ndi dzina lake pa pemphero la banja.

Wina akuti, abusa, akapita sabwerako. Mwina. Koma ambiri amene sabwerako ndi aja anachoka mozemba chifukwa anakanizidwa.

Tiyeni tipemphere. Atate, tikupereka m'manja mwanu onse amene ali pa M1 sabata ino, opita ku Kasungu ndi opita ku Ntcheu. Sungani madalaivala asagone pa chiwongolero. Kumbukirani anamwino a naiti ku Bwaila ndi ku Kamuzu Central, apolisi a pamsewu, ndi mlonda aliyense amene adzakhale pageti usiku wa pa 24. M'dzina la Yesu, Amen.