Kusamala M'mphuno ndi M'kamwa pa Nyengo ya Cisanu



Anzathu a ku mtunda, ku Chipata ndi ku Katete, amatiseka ife a m'cigwa ca Luangwa tikamanena za cisanu. Amati ku Malambo kuli dzuwa lokha. Nzoona kuti mu October kutentha kumapitirira madigiri 40. Koma mphunzitsi ali yense amene anaitanapo maina m'mamawa wa June kapena July ku Msoro, ku Jumbe kapena ku Kakumbi adziwa m'mene ana amafikira: akunjenjemera, milomo yotuwa ndi yong'ambika, ena akutsokomola, wina magazi ali pa malaya. Cimene ndifuna kukuonetsani lero ndi cakuti mdani wamkuru wa anawa si kuzizira kokha ai, koma kuuma. Mvula imaleka mu April, ndipo tiidikira kufikira November. Miyezi yonseyi mwana apuma mpweya wouma, wosanganiza ndi pfumbi ndi utsi.

M'kati mwa mphuno, pakhosi ndi m'kamwa muli kakhungu kofewa, kofiira, kamene kayenera kukhala konyowa usana ndi usiku. Munthu wamkuru apuma mpweya wokwana malita 10,000 tsiku limodzi, ndipo wonsewo uyenera kufunditsidwa, kunyowetsedwa ndi kusefedwa usanafike m'mapapo. Nchito ya kusefayi aigwira mamina, omwewo timanyansidwa nao. Pfumbi ndi tizirombo zimatirira pa iwo monga mbalame pa ulimbo. Pansi pao pali tiubweya tosaoneka ndi maso, togwedezeka kakhumi kapena kuposapo pa sekondi imodzi, timene tikankhira mamina odetsedwawo kumbuyo, ndipo timawameza osadziwa. Kakhunguka kakauma, mamina alimba nakhala nkhanambo, tiubweya tija tilephera kuyenda, ndipo khomo latseguka. Kuzizira nako kuli ndi mlandu wace. M'caka ca 2015 akatswiri a ku Yale, ku America, anaonetsa kuti kacirombo ka cimfine kamaswana bwino m'mphuno yozizira koposa m'thupi lofunda. Tsono agogo amene afunditsa mdzukulu citenje kukamwa ndi kumphuno popita ku sukulu m'banda kuca salakwa konse.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, taganizani za maiko a kumpoto, kumalire a cipululu ca Sahara. M'caka ca 1963 dokotala wa ku France, Léon Lapeyssonnie, analongosola za dera limene mliri wa nthenda youmitsa khosi umagwa kawiri kawiri. Lero deralo liwerengedwa kuyambira ku Senegal kufikira ku Ethiopia. Mliriwo umabwera ndi mphepo youma ya pfumbi, ndipo umatha mvula ikagwa. Ife sitiri m'dera limenelo, koma mphuno za ana athu nzofanana ndi za ana a kumeneko.

Tiyambe ndi pfumbi limene timaliutsa tokha. M'masukulu ambiri ana amasesa m'kalasi mouma, namalowamo pomwepo pfumbi liri kobo. Awaze madzi pansi asanasese, ndipo ngati nkotheka asese poweruka. Bolodi lifufutidwe ndi kansaru konyowa. Ici cidzapulumutsanso mau anu, pakuti mphunzitsi amene alankhula maora asanu pa pfumbi la coko amasasa mau. Mazenera musatseke onse cifukwa ca kuzizira. Ana makumi asanu ndi limodzi opumirana m'cipinda cotseka apatsana cimfine msanga koposa m'mene mphepo ingawapwetekere.

Za utsi wa kutentha chire tingacite zocepa, koma za utsi wa m'nyumba tiyenera kulankhula ndi makolo. Moto wa nkhuni zaziwisi m'nyumba yogona umayabwitsa m'mphuno usiku wonse, mwana namagona kukamwa kuli yasa, nadzuka pakhosi pali gwa. Mbaula ya makala m'nyumba yotseka ndiyo yoipa koposa, cifukwa imaturutsa mpweya wosanunkha umene upha anthu ali m'tulo.

Kunja kukazizira mwana samva ludzu, ndipo angathe tsiku lonse osamwa kanthu. Malobvu acepa, m'kamwa muyamba kununkha, mano ayamba kubvunda. Ikani nthawi ya kumwa madzi, yense ndi kapu kapena botolo lace. Milomo yong'ambika ipakidwe Vaseline kapena mafuta ophikira pang'ono, ndipo mwana aleke kuinyambita, pakuti malobvu akauma milomo ing'ambika koposa. Mphuno yotsekeka ndi nkhanambo itsukidwe ndi madzi a mcere: theka la supuni ya tiyi ya mcere m'kapu imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Ndibwereza kuti owiritsa. Madzi a m'zitsime zofukula m'mcenga wa Lupande asalowe m'mphuno ya mwana osaphitsa. Madzi omwewo, akali ofunda, athandiza pocukuca pakhosi. Tizironda ta m'mbali mwa milomo tosapola kawiri kawiri tisonyeza kuperewera kwa zakudya m'thupi, ndipo mankhwala ace ndi nyemba, nsawa, mazira, kapenta ndi ndiwo za masamba, ngakhale za mfutso.

Tsopano za kamfuno, pakuti apa ndipo ambiri amalakwa. Kutsogolo kwa kacipupa kogawa mphuno pakati pakumana timitsempha ta magazi tambiri, ndipo khungu lace ndi lopyapyala ndithu. Likauma, cala cimodzi cokomba nkhanambo cikwanira kuling'amba. Mwambo wathu ndi kumuuza mwana kuti ayang'ane kumwamba, ena amamgoneka cagada, ena amatseka mphuno ndi pepala kapena masamba. Zonsezi nzolakwa: magazi saleka, angotsikira kummero, mwana nawameza nasanza. Mkhazikeni pansi, aweramire kutsogolo pang'ono, atsine mbali yofewa ya mphuno pansi pa pfupa, napume ndi kukamwa. Agwire mphindi 10 zathunthu, inu mukuyang'ana wochi, osatayako kuti muone ngati aleka. Akapanda kuleka, agwirenso mphindi 10. Akapitirirabe, kapena ngati kamfunoyo wadza mwana atagunda mutu, kapena abwera masiku ambiri otsatana, mwanayo apite ku cipatala. Akaleka, asamine tsiku limenelo.

Cimfine wamba cimatha cokha m'sabata imodzi kapena masiku khumi, ndipo makapisozi ogula pa msika sacita kanthu pa ico. Koma pali mwana mmodzi amene sitiyenera kumcedwetsa: iye amene pakhosi pamuwawa kwambiri, thupi latentha, m'khosi mwatupa tizotupa, koma satsokomola ndipo alibe mamina. Zironda zotere, makamaka pa ana a zaka 5 kufikira 15, nthawi zina zimadza ndi kacirombo kamene, kakapanda kuphedwa ndi penisilini, kamautsa nthenda yotupitsa mfundo za m'thupi ndi kuononga mtima, ndipo mtima wotere subwereranso mwakale. Cimodzimodzi mwana wotentha thupi amene khosi lace lauma, kapena wopuma mofulumira nthiti zikulowa m'kati, anyamulidwe tsiku lomwelo. Ndiponso popeza tiri m'cigwa, thupi likatentha ngakhale mu July tisafulumire kunena kuti ndi cisanu cabe, ayezedwe malungo. Kumene kuli kotheka, lembani kakalata konena tsiku limene nthenda inayamba ndi zimene mwaona, kholo lipite nako ku kiliniki ya pafupi kapena ku cipatala ca Kamoto.