Nkhani ya Amisiri: Kusema Mchira wa Nkhunda ndi Makina a Rauta

Nkhani yathu lero ikupita kwa amisiri a matabwa, pamodzi ndi anyamata ndi atsikana amene akuphunzira ukalipentala m'masukulu a ntchito zamanja monga Soche, Namitete ndi Nasawa. Nanunso amene mumagula makabati tcherani khutu, pakuti kabati ikapasuka, ndalama zotayika ndi zanu.

Tiyambe ndi dilowa ya kabati. Tsiku ndi tsiku munthu amaikoka ndi kuikankha. Ngati thabwa la kutsogolo lidangokhomedwa ndi misomali, mphamvu yonse yokoka imagwera pa misomaliyo, ndipo pakapita zaka zowerengeka thabwalo limatsala m'manja, dilowa ili m'kati. Mankhwala a vuto limeneli amisiri adawapeza kalekale, kotero kuti ngakhale m'manda a ku Igupto wakale mudapezeka mabokosi olumikizidwa mwa njira imene tikambe lero. Kumapeto kwa thabwa la m'mbali amasemako mano otambasuka kunsonga koma aang'ono patsinde, monga umaonekera mchira wa nkhunda ikamatera. Pa thabwa la kutsogolo amasemapo mipata yolingana ndi manowo. Mano akalowa m'mipata, pamene mukukoka ndi pamene akugwirana kolimba. Nchifukwa chake pa Chingerezi malumikizidwe amenewa amatchedwa dovetail, ndiye kuti mchira wa nkhunda.

Mmisiri wodziwa amasema mano amenewa ndi sowo ndi tchizulo. Pa mtengo wofewa ngati paini amapendeketsa dzino muyeso umodzi pa miyeso 6 iliyonse, ndipo pa mtengo wolimba ngati mlombwa kapena mbawa, umodzi pa 8. Ntchito yake ndi yokongola, koma imadya nthawi. Dilowa iliyonse ili ndi ngodya 4, tsono mmisiri akalandira ntchito ya madilowa 30 ndiye kuti ngodya 120 zikumudikira. Apa ndi pamene rauta ndi jigi zimathandiza.

Rauta ndi mota yamagetsi yogwira ndi manja awiri, imene imazunguza kampeni kotchedwa biti maulendo oposa 20,000 pa mphindi imodzi. Kampeni kosemera mchira wa nkhunda nkotambasuka kunsi kwake. Jigi ndi chikombole cha ntchitoyi. Ili ndi zopanira matabwa, ndiponso chinthu chonga chipeso chokhala ndi zala zotalikirana mofanana. Kunsi kwa rauta amamangako kamphete kachitsulo, ndipo kampheteko kakamatsata zala za chipeso, kampeni kamasema thabwa motsanzira zalazo. Kampani ya Leigh ya ku Canada, imene idayamba m'chaka cha 1981, idatchuka ndi majigi a zala zosunthika. Koma lero tikambe za jigi wamba ya zala zosasuntha, pakuti ndiyo yotsika mtengo.

Pa jigi wamba matabwa awiri amasemedwa nthawi imodzi. La m'mbali mwa dilowa limaimirira kutsogolo kwa jigi, la kutsogolo kwa dilowa limagona pamwamba, ndipo mbali zimene zidzakhale m'kati mwa dilowa ndizo zimayang'ana kunja. Matabwawo salingana m'mphepete. Pa majigi ambiri mano amatalikirana mamilimita pafupifupi 22, kotero thabwa limodzi limapitirira linzake ndi theka lake, mamilimita 11, kuti dzino lililonse likumane ndi mpata wake. Mano otere saoneka kumaso kwa dilowa. Amaoneka m'mbali mokha.

Tsono, omvera, mutu wa nkhani yathu ndi uwu. Woumba njerwa aliyense amadziwa kuti chikombole chikapotoka, njerwa zonse za pa uvuni zimatuluka zopotoka. Jigi ili chimodzimodzi. Siidziwa kukonza cholakwa. Imangobwereza chimene mwaipatsa, ndipo imabwereza mofulumira. Wosema ndi manja akaphonya amaononga dzino limodzi, koma wa jigi akaphonya potchera amaononga matabwa onse a mwini ntchito dzuwa lisanafike pamutu. Kotero luso lonse lagona pa zimene mumachita makina asanalire.

Choyamba ndi matabwa. Akhale ouma bwino, opalidwa mosalala, ochindikala mofanana, ndipo kumapeto kwake kudulidwe motsata sikweya. Thabwa lokhota siligona bwino pa jigi, ndipo lauwisi limafota mano atalowa kale. M'lifupi mwa dilowa muyese molingana ndi katalikirana ka zala, kuti dzino lisadukire pakati kumphepete. Lembani ngodya iliyonse nambala yake ndi pensulo, chifukwa matabwa akasokonezeka simudzadziwa lokwatirana ndi linzake.

Chachiwiri ndi kuzama kwa kampeni, ndipo apa mpamene ambiri amagwa. Popeza kampeni kamodzi komweko kamasema mano ndi mipata yomwe, kuzama kwake ndiko kumalamula kuthina kwa malumikizidwe. Mano akamagwedera, tulutsani kampeni pang'ono kuti kazame. Akakana kulowa, kabwezeni pang'ono. Sinthani ndi kachigawo kakang'ono ka milimita, osati milimita yathunthu. Koma mano akamira kupitirira muyeso, kapena akatsala kunja, vuto si kampeni ayi. Chipeso ndicho chofunika kusunthira kutsogolo kapena kumbuyo. Zonsezi muyesere pa zidutswa zotsala za mtengo womwewo, zochindikala mofanana ndi matabwa enieni, kufikira mano atalowa pongogogoda pang'ono ndi nyundo yamtengo. Mano olowa mokakamiza amakokolola guluu, ndiponso amang'amba thabwa. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Theka la ola lotha poyesa limapulumutsa thabwa la mlombwa limene mwina simukadatha kuligulanso.

Chachitatu ndi kasemedwe. Rauta ikhale pa chipeso musanaiyatse, kampeni kasakhudze thabwa. Yambani ndi kupala pang'ono chabe m'mphepete, kuchokera kumanja kunka kumanzere, kuti thabwa lisathetheke. Kenaka semani kuchokera kumanzere kunka kumanja, kulowa ndi kutuluka pakati pa zala zonse, osadumpha. Kampeni kameneka kamasema kuzama konse ulendo umodzi, chifukwa mukati muzizamitsa pang'onopang'ono, kutambasuka kwake kumadya nsonga yotambasuka ya dzino. Ndipo musanyamule rauta kampeni kakuzungulirabe, pakuti kadzakumba zala za chipeso, jigi nkuonongeka. Zimitsani, dikirani kaime, kenaka kokerani rauta kwa inu.

Za chitetezo sitinganyengerere. Zulani pulagi musanagwire kampeni, makamaka magetsi akathima, chifukwa akabwera sagogoda. Valani magalasi otchinga maso, tsekani makutu, ndipo phimbani mphuno ndi pakamwa, pakuti utuchi wosalala umavulaza chifuwa. Ogula makina akale aonetsetse mphamvu ya magetsi yolembedwa pa chikwangwani chake: kuno timagwiritsa ntchito mavolti 230, pamene rauta yopangidwira ku America ndi ya 120, ndipo mukailumikiza mwachindunji imapsa. Onaninso kuti tsinde la kampeni likulingana ndi pakamwa pa rauta. Kotala la inchi ndi mamilimita 6 zimaoneka ngati zofanana, koma zimasiyana, ndipo kampeni kosagwidwa bwino kamatha kusolotoka kali pa liwiro.

Nanga ndani ayenera kugula jigi? Amene amapanga madilowa ambiri a muyeso umodzi, ndipo ali pamalo pa magetsi, ndalama zake zidzabwerera. Amene amapanga bokosi limodzi pa mwezi, sowo ndi tchizulo zikumukwanira, pakuti adzatsiriza ntchito mnzake akutcherabe makina. Kwa ophunzira, yambani mwasema ndi manja, kuti pamene jigi yatulutsa mano ogwedera muzindikire chimene chalakwika. Ndipo inu ogula, mukapita kukasankha kabati, solotsani dilowa imodzi muyang'ane m'mbali mwake ngati muli mano ogwirana bwino popanda mipata.