Kuunika m'mimba ku America: funsani mtengo musanagone pabedi

Ambiri a inu muli ndi ana kapena abale ku America, ndipo ena mwa iwo alibe inshuwalansi ya chipatala. Ndikufuna mukawauze izi.

Munthu akamavutika ndi zilonda za m'mimba kapena kutentha pamtima kosatha, dokotala amamutumiza ku endoscopy. Amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kudzera m'kamwa kuti aone kum'mero, chifu ndi poyambira matumbo aang'ono. Kawirikawiri ntchitoyi siposa theka la ola. Koma mtengo wake umasiyana kwambiri, ngakhale pa zipatala za mumzinda umodzi.

Kuyambira pa 1 Januwale 2021, boma la America limalamula zipatala kuonetsa mitengo poyera, kuphatikizapo mtengo wa munthu wolipira yekha kuchokera m'thumba. Kuunika kumeneku kuli pamndandanda wa ntchito 70 zimene bomalo linachita kutchula. Lamuloli ndi labwino, ine ndikuvomera. Vuto ndi loti nambala imene mungaone nthawi zambiri ndi ya chipatala chokha, chipinda ndi zipangizo. Dokotala wounikayo amatumiza bilu yake. Wopereka mankhwala ogonetsa, yakenso. Akadula kanyama kuti akakapime, a labotale nawonso amafuna zawo. Mabilu anayi, pakhosi pamodzi!

Tsono poyerekeza mitengo, funsani ndi nambala ya ntchitoyo. 43235 ndi kuunika chabe, pamene 43239 ndi kuunika kodulanso kanyama. Funsani zonse ziwiri, chifukwa dokotala angaganize zodula inu muli m'tulo, ndipo sadzakudzutsani kuti mukambirane za ndalama. Funsaninso ku timazipatala ta maopaleshoni aang'ono, kumene munthu amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Kumeneko nthawi zambiri n'kotsikirapo.

Pomaliza, musakhutire ndi mawu a patelefoni. Kuyambira mu 2022, lamulo la No Surprises Act limapatsa wolipira yekha ufulu wolandira chiyerekezo cha mtengo cholembedwa, kuunikako kusanachitike. Bilu ikabwera itaposa chiyerekezocho ndi madola 400 kapena kuposerapo, muli ndi masiku 120 oti mukadandaule. Pepalalo alisunge ngati chiphaso, ndipo afunse ngati dokotala ndi wogonetsa uja alipo pamenepo.